Dzanja la Ba Tenson ndi Tapeti Kava ya Datsun

Ku Chalimbana, ukapeza mpopi wotsekedwa mpaka amayi awiri kulephera kuutsegula, sufunsa kuti wadutsapo ndani. Ndi Ba Tenson Mwaanga. Bambo amenewa Mulungu anawapatsa mtima wabwino ndi dzanja losadziwa polekezera. Akakupatsa moni, umayamba wawerenga zala zako usanapitirize ulendo. Zaka zambiri anayendetsa lole ya pakoleji ya komweko, ndipo mpaka lero amadzitama kuti tayala silinawathawepo pamsewu. Zimenezo n'zoona. Chimene satchula ndi masipanala amene anzawo anathyola pofuna kumasula zimene iwo anamanga.

Atapuma ntchito, mtima wawo wonse unapita pa Datsun 120Y yachikasu imene imagona pansi pa mtengo wa mango. Galimotoyi ndi imene inanyamula akazi awo, Ba Justina, kupita kutchalitchi tsiku la ukwati mu 1986. Nthawiyo inali yobwereka kwa mphunzitsi wina, koma Ba Tenson anailondalonda mpaka inakhala yawo. Anthu akaiseka, iwo amangoti mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Tsono mwana wawo womaliza, Lillian, mng'ono wake wa Norah, anapeza banja. Bambo ake anali atamulonjeza kalekale kuti galimoto imene inanyamula mayi ake idzanyamulanso iye. Vuto linali limodzi. Chivundikiro chachitsulo cha pamwamba pa injini, chimene amakaniko amati tapeti kava, chinkadontha oilo. Oiloyo akagwera pa chitsulo chotentha, utsi unkalowa m'kati mpaka wokwera kutuluka akununkha ngati galaja. Amalume a mkwati, a ku Silverest, anali atapereka kale galimoto yawo yoyera, yatsopano.

"Atate, nifuna Datsun, sininama," anatero Lillian. "Koma dilesi yanga ni yoyera. Ngati pa Chinayi ikali kuchosa utsi, nizakwera ya ku Silverest."

"Iyo ni nchito ing'ono, mwana wanga," anayankha Ba Tenson.

Lolemba anamasula mabawuti onse asanu ndi limodzi, nachotsa chivundikiro chija. Anachiviika m'palafini, napala gasiketi yakale, kaja kotseka mpata kuti oilo asatuluke, ndi mpeni wosendera mbatata, mwini mpeni akudandaula pakhonde. Anachikwecha ndi sandipepa mpaka dzimbiri lonse linatha, kenako anachipaka penti yakuda. Chinawala mpaka tambala anabwera kudzamenyana ndi chithunzi chake. Magasiketi atsopano anapezeka awiri okha, ndipo amene anawasaka ku Lusaka ndi Boyd, woyendetsa minibasi, amene analumbira kuti yachitatu kulibe dziko lonse.

Lachitatu m'mawa anaika gasiketi yoyamba, navundikira, namanga monga mwa chikhalidwe chawo, mitsempha ya m'khosi ili panja. Analiza injini. Mphindi zisanu zisanathe, oilo uja anayamba kutsika m'mbali mosafulumira, ngati kwawo. Gasiketi inali itafinyika n'kutulukira kunja ngati nthochi yopondedwa.

"Sininamange bwino," anatero Ba Tenson, natenga gasiketi yotsala ndi sipanala yaitali kuposa yoyamba.

Apa makina osokera amene ankalira pakhonde anaima. Ba Justina ndi telala, ndipo zaka zonsezi anali asanalowererepo nkhani za injini. Tsikuli anadzuka, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Ba Tenson, ikani pansi iyo sipanala. Nipaseniko chivundikiro nione."

"Amake Norah, izi ni za motoka, si za masiketi."

"Yatsala imozi gasiketi. Mwana nayenso watsala umozi. Nipaseni."

Anawapatsa. Ba Justina anachigoneka pa galasi la tebulo la m'nyumba, natenga kachidutswa ka nsalu n'kumakalowetsa pansi pa mlomo wake. Pena kankakana, pena kankadutsa bwinobwino. Pa bowo lililonse la bawuti chitsulo chinali chitabonyokera pansi, pakati pa mabowo chitatukuka. Imeneyo inali ntchito ya dzanja la mwini galimoto, ya zaka makumi atatu.

"Ulusi ukaukoka maningi, nsalu imakwinyika," anatero mayiwo. "Simuona? Mwaikwinya."

Ba Tenson anachita manyazi, manyazi enieni a munthu wamkulu wogwidwa masana. Koma anatenga thabwa ndi kanyundo, nayamba kuwongola bowo limodzilimodzi, akazi awo akuti "pang'ono chabe" pa kumenya kulikonse. Pofika masana kansalu kaja kanakana kulowa paliponse.

Pa kumanga ndi pamene panali nkhondo. Ba Justina anadziwa kuti dzanja limenelo silimva malangizo, choncho analipatsa lichero la mtedza kuti lizisenda. Iwo anayamba ndi zala zokha, bawuti ya uku, kenako ya tsidya, monga amachitira ndi mapini asanasoke mpendero. Atatero anazungulira ndi sipanala yaing'ono, pang'onopang'ono, kawiri.

"Mwasiya zosamanga!" anakuwa Ba Tenson, mtedza ukuphwanyika m'manja. "Izagwa pa msewu wa Great East iyo!"

"Lizani injini."

Inalira theka la ola. Anapita nayo kumsika wa Chongwe n'kubwerako. Ba Justina anapukuta m'mbali mwa chivundikiro ndi kansalu koyera kotsala pa dilesi ya Lillian, nakaonetsa amuna awo. Kanali koyera. Bambowo anazungulira galimoto kawiri akusuzumira pansi pake.

Loweruka Datsun inatsogola itavala maliboni, galimoto yoyera ya ku Silverest ikutsatira pambuyo itanyamula keke. Kutchalitchi azibambo anaunjikana kuti aone injini, ndipo amalume aja anafunsa kuti makaniko wake ndani. Ba Tenson anakhosomola.

"Penti ni ine," anatero. "Zinazo funsani telala."

Nthawi yolowa itakwana, anagwira dzanja la Lillian kuti akamupereke kutsogolo. Mtsikanayo anakonzekeratu kupirira, pakuti dzanja la bambo ake ankalidziwa kuyambira ali kamwana. Koma linamugwira mofewa mpaka anatembenuka kuwayang'ana. Maso a Ba Tenson anali atadzaza misozi.

"Amako aniphunzisa," ananong'ona.

Atafika paguwa, pamene mkwati anatambasula dzanja lake, zala zija zimene sizinamasulepo kanthu mwakufuna kwawo zinatseguka zokha.