Kampango wa pa Chithunzi

Njinga yamoto ya kabaza inandigwetsa pa msewu wa ku Makokola, mutu n'kumenyetsa pa phula. Za tsikulo sindikumbuka kanthu. Nditatsitsimuka kuchipatala, miyendo inali yanga, koma mawu anali atathawa. Ndikafuna madzi ndinkati "mpando". Mkazi wanga ndinamuitana kuti "bwato", iye n'kuti, "Palibe kanthu, bambo, paja bwato mumakonda kuposa ine."

Chaka chimenecho mwana wa mlongo wanga ankakwatiwa. Nkhoswe ndinali ine, malume wamkulu. Abale anayamba kunong'onezana zoti mng'ono wanga akalankhule m'malo mwanga. Ndinkawamva. Makutu sanavulale.

Kuchipatala anandipereka kwa mayi wophunzitsa ovulala kulankhula, wa ku Dedza, msinkhu wa mwana wanga. Lachiwiri lililonse ankandionetsa zithunzi ngati mwana wa sitandade wani. Galu. Kapu. Nyumba. Ndinkachita manyazi, koma sindinajombe.

Tsiku lina anatulutsa chithunzi china. Ndinachiyang'ana, liwu osabwera.

"Agogo, nenani: nso-mba."

Ndinapukusa mutu. Anabwereza katatu. Ndinamenya tebulo, liwu n'kutuluka lokha: "Kampango!"

"Ayi agogo, nsomba."

Mkazi wanga, yemwe anandiperekeza, anaseka mpaka misozi. "Adokotala, awa anakulira panyanja. Kuno msodzi sangonena kuti nsomba. Taonani ndevuzo, ameneyu ndi kampango."

"Ndiye wolakwa ndine?" anafunsa mayiyo.

"Inde," ndinatero.

Mayiyo anali wanzeru. Zithunzi anabweza m'kabati, n'kundipatsa ntchito yoti m'mawa uliwonse ndizipita kudoko mabwato akamakocheza, ndizikatchula chilichonse chotuluka mu ukonde. Ndinkapita ndi ndodo. Usipa unabwera msanga. Utaka, mlamba. Mcheni unandivuta sabata yathunthu. Kenako mawu anayamba kugwirana awiriawiri, atatuatatu. Tsiku lomwe ndinauza mayi wina wogulitsa kuti, "Chambo ichi n'chadzulo," iye anakuwa, "Madala achira! Ayambiranso kutinyoza!"

Pambuyo pa nsomba panabwera mayina a abale, kenako malonje. Mawu a chinkhoswe ndinkayeserera pakhonde masana alionse, mkazi wanga atakhala pamkeka ngati akuchimuna. Ndikalakwitsa sankandinyengerera.

Tsiku la chinkhoswe mng'ono wanga anakhala pafupi nane, mawu ake atawakonza kale. Nthawi itakwana ndinaimirira ndine. Ndinalankhula pang'onopang'ono. Pakati penipeni liwu limodzi linasowa. Mng'ono wanga anayamba kudzuka, ine n'kumugwira paphewa, iye n'kukhalanso pansi. Ndinadikira. Liwulo linafika, ndipo ndinamaliza.

Mpaka lero mawu ena amachedwa, ndipo phokoso la pamsika limandiwawitsa mutu. Ndikatopa ndimangokhala chete. Koma mwana wa mlongo wanga ndinamupereka ndine, ndi pakamwa panga.