Kandulo ya Msinkhu wa Graciete

A Custódio anali wosoka nsapato, ndipo kachipinda kawo kogwirira ntchito kanali m'mphepete mwa msewu umene anthu amadzera popita wapansi ku Fátima, malo opatulika a Amayi Maria. Kwa zaka makumi atatu ndi zisanu, mwezi wa Meyi ukafika, ankakhala pakhomo ndi kanyundo kawo kudikira otsimphina. Ankawakhomera zidendene za nsapato, kuwapatsa madzi akumwa, kenako n'kuwaseka akangopotoloka. Ankati Amayi Maria ali ndi makutu abwino, munthu atha kuwauza mavuto ake ali khale pampando osang'amba mapazi. Eni akewo anali asanapondeko ku Fátima, chonsecho ndi ulendo wa masiku anayi okha.

Pakamwa panawatsekeka chaka chimene akazi awo, mayi Graciete, anabwezedwa kunyumba kuchokera kuchipatala ndi kabotolo ka mankhwala opha ululu basi. Mayi amene ankazungulira mudzi wonse ndi dengu la nsomba pamutu, akukalipira agalu ndi ogula omwe, tsopano ankalephera kukweza kapu ya khofi.

A Custódio analonjeza Amayi Maria kuti akawaperekera kandulo ku Fátima, kuti akazi awo achire. Kandulo yotereyi imatalika ndendende ngati wodwalayo, ndipo ngakhale mwana amadziwa kuti munthu amamuyeza ataimirira, atatsamira khoma, ena atamugwirira m'khwapa ngati miyendo yakana. Koma iwo anachita chisoni kuwadzutsa akazi awo. Anatenga ulusi wawo wosokera nsapato, nauyala pabedi kuchokera kumutu mpaka kuchidendene, n'kumanga mfundo. Mayi Graciete anatsegula maso.

"Mwayamba kale kundiyeza, bambo inu? Imeneyotu ndi ntchito ya a Belmiro. Dikirani ndizizire kaye."

A Belmiro anali kalipentala wa m'mudzimo, wokhoma mabokosi a maliro. Mayiwo anaseka mpaka kutsokomola, koma mwana wawo Lurdes, amene anaima pakhomo, sanaseke. Anawachonderera bambo ake kuti adule ulusi wina, awaimike amayi, ayeze moyenera. Iwo anauma mutu monga mwa masiku onse, nati msinkhu ndi msinkhu, wosoka nsapato salakwitsa muyeso. Wopanga makandulo atathana nawo ulusiwo, a Custódio anauika m'thumba la jekete.

Ananyamuka Lolemba m'mamawa, kandulo ataikulunga m'bulangete. Nsapato zosoka okha zinayamba kuwaluma tsiku lachiwiri, ndipo panalibe wowaseka, zimene zinawapweteka koposa matuzawo. Dzuwa linkafewetsa kandulo ija mpaka kupindika pakati, iwo n'kumaiwongola pabondo mosamala pansi pa mtengo. Mawu a akazi awo aja sanawachoke m'mutu. Ankaopa kuti analakwitsa, ndipo kubwerera kukayezanso kunali kosatheka.

Anafika Lachinayi masana. Bwalo linali lodzaza, ena akuyenda chogwada atamanga nsanza m'mawondo. Njira yonse a Custódio ankaganiza kuti kandulo yawo adzaiimika pamalo pooneka, iyake pang'onopang'ono masiku atatu kapena anayi, Amayi Maria aione bwino, adziwe kuti uyu ndi Graciete wa nsomba. Zimene anapeza ndi chimoto cholilima ndi chiutsi chakuda. Kutentha kwake kunali kosayandikirika, choncho anthu ankangokankhana n'kumaponya makandulo awo m'malawi ali chapatali. Iwo anaima, kandulo ataikumbatira, mpaka mayi wina kumbuyo anawagunda ndi chigongono.

"Ponyani, agogo. Tonsefe tasiya odwala kunyumba."

Anaponya. Inapindika, n'kusungunuka asanamalize Tikuoneni Maria mmodzi, phula lake n'kusakanikirana ndi la anthu ena onse. Anatsala ndi bulangete m'manja. Panalibe chimene chinasintha, kumwamba kapena mumtima mwawo, ndipo chiyembekezo chochepa chimene anayenda nacho chinathera pomwepo.

Anapeza sitolo yokhala ndi foni, naimbira ku golosale ya kumudzi kwawo, nadikira mwini wake akaitane Lurdes. Mwanayo anabwera mawu atasasa. Anati amayi anatsirizika dzulo m'mawa, nthawi imene a Custódio anali pamsewu akuwongola kandulo. Sanavutike kwambiri, ndipo chomaliza chimene anafunsa n'chakuti kaya nsapato zikuwaluma amuna awo.

"A Belmiro akuti abwera madzulo ano kudzayeza," anatero Lurdes. "Ine sindikufuna awagwire, bambo."

A Custódio anapisa dzanja m'thumba la jekete. Ulusi unali momwemo, mfundo yake ili yolimba monga anaimangira. Anauzinga kuchala mpaka chala chinachita dzanzi.

"Uwauze asavutike kubwera," anatero. "Mita imodzi ndi theka, ndi zala zitatu. Ndinawayeza kale."