Kaswichi ka pansi pa mpando wa apongozi

Mkamwini wanga amakonda kuuza anthu kuti ndi iye anapulumutsa moyo wa apongozi ake, mkazi wanga. Ine ndimasunga pepala lililonse, ngakhale risiti ya paketi ya mchere, ndipo sindikonda nkhani yopotozedwa. Ndiye ndilembe mmene zinalili.

Zinali zaka zija mbava za magalimoto zitavuta ku Lusaka. Mkamwiniyo, kalaliki wa m'tauni wokonda magalasi akuda, anagula vaneti yakale, nkuikitsa kaswichi kobisika. Akakazimitsa, injini inkangopukusa osalira, ngakhale uli ndi kiyi. Atabwera kudzacheza kwathu, kufupi ndi Rufunsa, anadzitama nako mpaka makutu kuwawa, koma pamene kanali sanauze munthu, kupatula mkazi wake, mwana wanga. Ankakazimitsa ngakhale pabwalo panga, pamene pamadutsa mbuzi zokha. Mwina ankaona mbava mwa ine.

M'mawa wina mkazi wanga anadzuka akulephera kupuma, m'nthiti mukubaya. Chinali chibayo. Tinati tithamange naye kuchipatala ku Mpanshya. Ine ndi mwana wanga wamkazi tinamunyamula nkumukhazika kutsogolo, cha kukhomo, titamufunditsa bulangeti mpaka kumapazi. Mwini galimoto nthawi imeneyo anali akupesa tsitsi.

Anatuluka, nkukhala pa chiwongolero, mkazi wake pakati. Anayang'ana kumiyendo kwa apongozi ake, kenako kumbali. Anapotokola kiyi. Injini inapukusa, osalira. Anapotokolanso.

"Mwina ni batire," anatero, nkutsika kukatsegula boneti.

Anansi anasonkhana. Wina anapala mitu ya batire ndi mpeni. Wina anamasula mapulagi nkuwauzira ngati akukoleza moto. Mkulu wina wa njinga, amene sanayendetsepo ngakhale ngolo, anati petulo ya ku Lusaka amaithira madzi. Tinakankha vanetiyo mpaka pamsewu, ine ndi msana wangawu, wodwala akugwedezeka m'katimo. Mkamwini ankangogwira mawaya uku ndi uku, thukuta lili kamukamu, nkhope ya katswiri.

Dzuwa linakwera. Milomo ya mkazi wanga inayamba kuda.

Ndi mwana wanga amene anatopa nazo. "Atate," anatero, "motoka ilibe vuto. Ni kaswichi kaja. Kali pansi pa mpando, kuseli kwa miyendo ya amayi."

Ndinatembenukira mwamuna wake. "Apongozi, mumadziwa?"

Anayang'ana pansi. "Nanga ningapise bwanji dzanja pamene pakhala amayi? Ni mwambo, atate."

Mwambo! Inde, mkamwini sakhudza apongozi ake aakazi, ndipo ine mwambowo ndinausunga iye asanabadwe. Koma mwambo suletsa pakamwa. Akanandinong'oneza ine, mwini mkazi. Sananene chifukwa anthu anali atazungulira, ndipo sanafune kuti aone pobisika pa kaswichi kake. Munthu uyu, amene amadya ndi foloko pamaso pa apongozi ake, mwambo anaukumbukira tsiku limenelo.

Ndinagwada, nkukweza bulangeti, nkupapasa pansi pa mpando. Kanthu kake kochepa ngati njere ya chimanga. Ndinakakankha.

"Lizani," ndinatero.

Inalira nthawi yomweyo. Mkulu wa njinga uja anafuula kuti, "Aa, kansi nkapansi pa mpando!" ndipo mudzi wonse unamva.

Mkazi wanga anafika ku Mpanshya wamoyo. Anagona kumeneko nthawi yaitali, ndipo anabwerako ndi chifuwa chimene sichinamusiye mpaka lero. Sindine dokotala, sindinganene kuti chinabwera ndi kuchedwa kuja. Khadi lake la kuchipatala ndili nalo m'sutukesi.

Panjira pobwerera, mkamwini anatsegula pakamwa kamodzi kokha. Sanafunse za wodwala. Anati tsopano afunika kusamutsa kaswichi, popeza anthu akadziwa.