Kapaipi ka a Biswick

Kukamacha, mabasi oyamba asanadzaze, a Biswick Mataka ankakhala atafika kale pagalaja yawo, kunsi kwa mlatho wa sitima ku Edmonton. Ankatereka ketulo, n'kupemphera chiimirire chipewa chili m'manja, kenako n'kuliza galimoto imene yagona pamenepo. Ankati injini ikafunda imabisa matenda ngati mlendo waulemu, koma m'mawa imanena zoona.

Magalimoto amene ankakonza anali akalekale a ku Mangalande konkuno, aja a mipando iwiri, amene eni ake okalamba amawatulutsa dzuwa likawala basi. Ntchitoyi anaiphunzirira ku Limbe. Ambiri mwa magalimotowa ali ndi makabuleta awiri, tizipangizo tosakaniza mpweya ndi petulo, ndipo awiriwo amayenera kupuma mofanana. A Biswick ankatenga kapaipi ka labala, mbali ina kukhutu, ina pakamwa pa kabuleta. Ankamvetsera kulira kwa mpweya uku, n'kumvetsera uko, n'kumapotokola pang'onopang'ono mpaka mawu awiriwo atakhala amodzi.

Akazi awo, a Esnat, ankasamalira okalamba ku Tottenham, ndipo ankaimba alito m'kwaya ya kutchalitchi. Ankakonda kuwaseka.

"Bambo a Wezzie, anzanu anagula makina oyezera. Inu mpaka liti ndi kapaipi ngati sing'anga?"

"Nanga inu mayi a Wezzie, alito wanuyo mumayezera makina? Makabuletawa ndi kwaya ya anthu awiri. Wina akakweza, nyimbo yafa."

Koma zaka makumi awiri za sitima pamwamba ndi injini pansi zinawadya makutu. A Esnat ndiwo anayamba kuzindikira. Wailesi inkakwezedwa tsiku ndi tsiku, ndipo abusa akaseketsa mpingo, amuna awo ankaseka pambuyo pa onse. Kwa makasitomala a Biswick sanaulule. Mmisiri wodziwika ndi khutu akagontha, watsala ndi chiyani?

Panali mzungu wina wokalamba, a Crispin, amene kwa zaka khumi ndi zisanu sanalole munthu wina kupatula a Biswick kukhudza galimoto yawo yobiriwira ya mtundu wa MG. Chaka chimene makutu anafika povutacho, galimotoyo inabwerera kawiri, ikunjenjemera ndi kutulutsa utsi wakuda. Kachiwiriko a Crispin ananena mwaulemu kuti abweranso Loweruka, ndipo ikapanda kuchira akayesa kwina.

Lachinayi m'mawa, a Esnat akumanga duku kuti athamangire basi, a Biswick anaima pakhomo la chipinda n'kuwapempha kuti Lowerukalo apite nawo akawamverere makabuleta. Analankhula motsitsa, maso ali pansi. A Esnat anamva bwinobwino. Koma Loweruka kwaya inkakonzekera nyimbo za Pasaka, ndipo mumtima anati, ine mayi wamvano ndikagwade m'mafuta akuda pamaso pa mzungu? Anaganiza zoyankha madzulo, apeze kaye mawu osapweteka. Ananyamula chikwama n'kutuluka.

Madzulo a Biswick sanaibwereze nkhaniyo, ndipo mtima wa a Esnat unakhala pansi. Loweruka aliyense analowera kwake.

MG ija sinabwerenso. Eni magalimoto oterewa amadziwana, choncho enanso anayamba kuchepa. Chaka chisanathe a Biswick anabweza makiyi a galaja. Anakhala zaka zina ziwiri, akuperekeza akazi awo pokwerera basi, akukonza njinga za adzukulu. Sanadandaule, ndipo za Loweruka lija sanazitchulepo mpaka tsiku limene mtima wawo unaima.

Polongedza zovala zoti apereke kutchalitchi, a Esnat anapeza kapaipi kaja m'thumba la jekete, katapindidwa bwino. Sanakapereke. Kali m'kabati pamodzi ndi buku lawo la nyimbo.

Mpaka lero m'kwaya, wina akaphonya pang'ono, iwo ndiwo amayamba kumva. Atsogoleri amawayamikira kuti Mulungu anawapatsa khutu. A Esnat amangoweramitsa mutu, chifukwa pamenepo amamvanso mawu aja a pakhomo la chipinda:

"Mayi a Wezzie, Loweruka mundibwerekeko makutu anu. Ola limodzi lokha. Inu muzidzangondiuza amene wakweza, manja ndidzagwiritsa anga."