Chingwe cha amayi

Amayi anga anayamba kuphunzira khungu maso awo akadaona bwinobwino. Ndikanena zimenezi anthu amaseka, koma ine ndinadzionera ndekha.

Chaka chimenecho adokotala a kuchipatala cha ku Dambe, kwathu ku Neno, anawauza kuti matenda a shuga ayamba kuwononga maso, ndipo tsiku lina adzasiyiratu kuona. Ine ndinali kubanja ku Blantyre, ndikugulitsa kaunjika mumsika. Atandiuza pafoni ndinalira ngati ndamva za maliro. Iwo anangodikira kuti ndimalize, kenako nkuti, "Ukamabwera undigulireko chingwe cha khonje, chachitali ndithu." Ndinkayesa akufuna kuyamba kuweta mbuzi, ndiye ndinawatumizira.

Nditapita kukathandiza kukumba kachewere, ndinapeza pabwalo pasintha. Anali atazika mphanda mumzere, chingwe chija nkuchikoka kuchokera pakhomo kupita kukhitchini, kukhola la nkhuku, mpaka kuchimbudzi kumunsi. Ndiye taonani mayi anga, munthu wamkulu wa mvano kumpingo, adzimanga duku kumaso, dzanja lili pachingwe, akuyenda mofufuza ndi mapazi.

"Amayi! Zimenezi ndiye ziti? Anthu aziti chiyani?"

"Anena kale. Ena akuti ndapenga, ena akuti ndikukhwima. Patuka iwe, waima panjira."

Ndinapsa mtima, sindinama. Ndinawauza kuti akudziitanira tsoka, komanso akutichititsa manyazi ngati alibe ana. Anavula duku lija nkundiyang'ana. Anandikumbutsa za akulu awo, amayi aakulu, amene atachita khungu ana awo anawatengera kutauni mwachikondi ndithu. Kumeneko ankangokhala m'chipinda, mpanda uli chitsekere, kudikira kuti wina aweruke kuntchito adzawagwire dzanja popita kuchimbudzi. Sanakhalitse.

"Ine mutauni simudzandiona," anatero. "Ndidzakalambira pano, pamene ndikudziwa mwala uliwonse. Chakudza sichiimba ng'oma, mwananga, koma changachi chaimba. Ndiye ndizingokhala?"

Mkazi ameneyu! Sanalekere pachingwe. Anamangapo mfundo kuti dzanja lizidziwa pokhota. Mankhwala a m'mawa anawaika m'kachitini, a madzulo m'kabotolo, ndipo ankawatenga atatsinzina. Anaphunzira kusankha mbewu ya kachewere pongoigwira. Ndime ya kumtunda anaipatsa mwana wa mng'ono wawo, amene nyumba yake ili pafupi, nkugwirizana naye pamaso pa abale kuti azidzawatungira madzi, kuwasonkhera moto ndi kuwaperekeza kuchipatala tsiku la sikelo ya shuga. Zonsezi anachita akutha kulowetsa ulusi pasingano.

Khungu linabweradi, pang'onopang'ono, mpaka anasiya kusiyanitsa munthu ndi mtengo. Achimwene anga, oyamba kubadwa, anandiimbira foni. "Achemwali, zokakamira zija zatha basi. Tikawatenge." Ndinavomera, chifukwa mantha anali atandigwira. Tinapeza galimoto, tinavutika ndi zitunda za ku Neno zija, nkufika dzuwa litapendeka. Amayi anatilandira bwino, koma titatchula za ulendo anangoti, "Gonani kaye, mwatopa."

Inali nyengo yozizira. Kutacha ndinatsegula chitseko kuti ndipite kuchimbudzi, ndipo ndinapeza nkhungu yatseka ponseponse. Amene anakhalako ku Dambe akuidziwa nkhungu imeneyi, yoti ukatambasula mkono zala osaziona. Ine, mwana wobadwira pomwepo, ndinati ndingasochere pabwalo pa amayi anga? Chingwe ndinachinyoza, ndinangoyenda. Posakhalitsa ndinapunthwa pamzere wa kachewere, khu! Nditadzuka sindinadziwenso kumene kuli nyumba. Ndinakumbuka chigwembe chimene chili kumunsi kwa munda, nkuyamba kukuwa.

"Amayi! Amayi inu!"

"Ima pomwepo, usasunthe!" Mawu awo anachokera kumbuyo kwanga, kumene sindinkayembekezera. "Ukulowera kuchigwembe. Tembenuka, utsate mawu anga."

Ankalankhulabe, ine nkumakwera chokwawa, chitenje chili matope okhaokha, mpaka dzanja lawo lokhakhala linandigwira pamkono. Anali ataima pachingwe chawo, atafunda shawelo, mtima uli m'malo. Anatenga dzanja langa nkuliika pakhonjepo.

"Gwira apa. Ukapeza mfundo ziwiri ndiye kukhitchini, zitatu ndiye kumene ukufunako. Pita, usanadzichititse manyazi."

Achimwene anali atatuluka ndi phokoso lija, ataima pakhonde, nawonso akuopa kutsika. Amayi anatembenukira kumene kunkamveka chifuwa chawo.

"Kodi bambo, mwati wofunika kumugwira dzanja pakhomo pano ndi ndani?"

Ine ndinaseka misozi ili mbwembwembwe, chingwe ndili nacho gwa. Nkhungu itayera tinakhala pansi ndi mwana wa mng'ono wawo uja, nkupangana kuti tizisinthana kubwera ndiponso tiziimba foni tsiku la sikelo likayandikira. Masana galimoto inanyamuka. Pampando umene tinawakonzera amayi, ndi bulangete lomwe, panakhala thumba la kachewere limene anatisankhira okha.

Tikutsika chitunda ndinacheuka. Anali atatipatsa kale msana, dzanja pachingwe, akupita kukatsegulira nkhuku zawo.