Ufa Wachikasu wa Azakhali

Azakhali anga, ife ana tinkawatchula kuti a Mazira, koma chakumbali. Akamachokera ku labotale, zovala zawo zinkamveka fungo la mazira owola, chifukwa tsiku lonse ankagwira mankhwala a salufa. Atamva dzinalo anangoseka. "Fungo limeneli ndinachita kulipitira kusukulu," anatero.

Ntchito yawo inali kupanga ufa wachikasu wa salufa ndi kadimiyamu. Akauthira m'botolo la madzi n'kuliika padzuwa, timathovu tinkayamba kukwera. Ameneyo anali haidrojeni, mpweya woyaka wotha kuyendetsa injini. Vuto linali lakuti dzuwa lomwelo linkadya ufawo, moti pofika masana unkakhala utafooka. Analimbana nalo zaka zambiri.

Kenako anakhala oyembekezera. Bwana wa labotale anawaitanira muofesi.

"Mayi, kadimiyamu ndi poizoni, mukudziwa nokha. Mukathandize kosungira mabuku. Ntchitoyi ndiipereka kwa wina."

"Za poizoni mukunena zoona, bwana, ndipo sindimukhudzanso. Koma chochoka ndi ufawo, osati ine."

Kunyumba nakonso sikunali mtendere. Amuna awo, dalaivala wa lole, anati, "Musankhe chimodzi, mwana kapena thovu lanulo."

"Inu anakuuzani ndani kuti musankhe pakati pa mwana ndi lole?"

Bambowo anangotuluka kukaona matayala.

Azakhali anayamba ufa wina, wa salufa, zinki ndi indiyamu, umene anzawo ankati ndi waulesi. Chipinda chawo cha kulabotale, chokhala ndi nyali yamphamvu yowala ngati dzuwa, chinali chitaperekedwa kale kwa wina, ndiye iwo anasamutsira mabotolo awo padenga la labotaleyo. Mimba ili kutsogolo, ankakwera masitepe atagwira m'chiuno, akupumira pakona iliyonse. Mtambo ukaphimba dzuwa ankaukalipira ngati mwana wosamva.

Mathovu anali ochepa, inde. Koma atasakanizako pang'ono chitsulo chotchedwa nikelo, botolo lina linatulutsa mathovu mpaka dzuwa kupendeka, mawa lake n'kuyambiranso osafooka.

Mwana anabadwa wamkazi, wonenepa bwino. Azakhali atabwerera kuntchito, bwana anati chipinda chija angathe kuchitenganso. Iwo anakana, amvekere padenga anazolowerapo.

Mpaka lero haidrojeni wawo sangawiritse ngakhale kapu ya tiyi. Ndinawauzapo zimenezo tsiku lina nditakawaona.

"Ndakuuza kuti ndamaliza?" anatero. "Tandipatsa botolo ilo, usangoima ngati mlendo."