AKalaliki ndi sikelo yawo ya chisoni

Lachiwiri lapitali aKalaliki a mumsewu mwathu anapezeka atabisala m'bafa, mapazi akuonekera kunsi kwa chitseko. Anatuluka amoyo, koma mpaka lero akamva kugogoda amagwetsa cholembera.

Bambowa amalembera anthu makalata a Chingerezi opempha thandizo ku mabungwe, ndipo chisoni amachiyeza ngati nsalu. Wodwala mwendo amamulemba "sad", wamasiye "sadder", koma "saddest" amasungira munthu mmodzi pachaka. Amati liwulo likachuluka limasukuluka.

Chaka chino bungwe lina linati lipereka makina osokera amodzi okha kwa mayi wovutikitsitsa. Mlamu wa aKalaliki anabwera akulira, iwo n'kumupatsa "saddest". M'mawa mwake kunafika mayi wina wogulitsa makala. Iyeyo sanalire, anangowayang'anitsitsa. AKalaliki anamulemberanso liwu lomwelo.

Azimayiwo anakumana pabenchi la ku bungweko, kumene anawawerengera makalata onse awiri mokweza. Anabwerera limodzi, molunjika kwa aKalaliki.

"Alamu, tulukani m'bafamo!" anakuwa mlamuyo. "Woposa mnzake ndani?"

"Amayi, chisoni sachiyeza," anayankha aKalaliki ali m'bafa momwemo.

"Nanga zaka zonsezi mumayeza chiyani?" anafunsa wamakala.

Tsopano bungwelo likufuna kalata imodzi yokha pofika Lachisanu, ndipo azimayi onse awiri amaswera pakhonde pawo. ATelala oyandikana nawo nyumba anasuzumira pawindo dzulo n'kunena kuti, "Wachisoni kuposa onse mumsewu muno ndinuyo, aKalaliki. Makinawo dzipemphereni nokha."